Mpando wa Kutsogolo

Ndinataya mkazi. Ndinataya munthu wondidzutsa Lamlungu, wondiseka ndikamayankhula Chingelezi ndi ogulitsa usipa pa Mtakataka, wodziwa kumene ndaiwala kiyi wa njinga. Ndinataya dzina limene tinasungira mwana amene sanabwere. Ndinatayanso maola ake omaliza, ndipo ndikulemba za maola amenewo.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Mtakataka, choncho iye ankanditchula kuti aphunzitsi, makamaka akafuna kundinyogodola. Anali munthu wosadziwa kudikira. Lamlungu ankanyamuka kupita ku kwaya ku Mua ine ndikusitabe malaya. Tikatsika minibasi pa Golomoti popita kwa amayi ake, wakabaza wake ankanyamuka ine ndisanakwere n'komwe. Nthawi zonse ankatembenuka n'kundiuza kuti watsogola, ndimupeza. Malo amodzi okha ndi amene ankakana kutsogola: m'minibasi. Kondakitala akamulozera mpando wa pafupi ndi dalaivala ankapukusa mutu.

"Kutsogolo n'kwa anthu opanda anzawo," ankatero, n'kudzipanikiza pambali panga pakati pa matumba a mpunga.

Msana utayamba kumupweteka tinkati ndi zitenje zimene ankasenza popita nazo kumsika. Madokotala a ku Lilongwe anapeza chotupa pa fupa la msana, ndipo anati opaleshoni yake ndi ya ku India. Pa nthawiyo sankathanso kukhala pampando nthawi yaitali. Mchimwene wake amene amagwira ntchito ku Joni anati ulendowo ausenza yekha: tikafike kaye kumeneko, kenako tikakwere ndege yaikulu yowoloka nyanja.

"Alamu, njira zilipo ziwiri," anandiuza pa foni. "Mlongo wanga akhale mu fesiti kalasi, inu kumbuyo kwa anthu wamba. Kapena nonse awiri mu bizinesi kalasi, mipando yogundizana. Kuposa apo sindingathe. Sankhani."

Ndinaona zithunzi zake pa foni. Fesiti kalasi inali ngati kachipinda: bedi lotakasuka, chitseko chake, munthu wokuyang'anira. Mpando wa mu bizinesi umagonekedwanso, koma ndi wopapatiza, moti munthu sangatembenuke bwino. Ndinamuonetsa mkazi wanga zithunzizo atagona pamphasa pakhonde, amayi ake akumusisita miyendo.

"Chitseko?" anafunsa mkazi wanga. "Mukufuna kunditsekera ngati mbuzi?"

"Ndi bedi, amayi. Mugona motambasuka mpaka kukafika."

"Nanga inu?"

"Ndili momwemo. Ndege ndi imodzi."

"Ndiye tikwere bizinesiyo. Ine si wa bizinesi kodi? Zitenje zonse zija?"

Tinaseka, koma kusekako kunamukoka msana ndipo analuma nsonga ya chitenje mpaka ululu utadutsa. Ndinakumbukira mmene analirira mwakachetechete m'minibasi pochokera ku Lilongwe, pa bampu iliyonse. Ndinanena kuti akwere fesiti kalasi basi, bedi ndi bedi. Apongozi anali mbali yanga, anati wodwala sadzisankhira mankhwala. Iye anatiyang'ana tonse awiri.

"Chabwino aphunzitsi," anatero. "Mwachonga kale."

M'ndege yaikuluyo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pakati pa anthu awiri osawadziwa. Kunja kunali dzuwa ndi mitambo yokhayokha. Atatipatsa chakudya ndinadzuka n'kuyenda mpaka pa katani yotchinga mbali yathu. Mayi wina wogwira ntchito m'ndegemo anandiimitsa mwaulemu, n'kupita yekha kukamuona mkazi wanga. Anabwera akumwetulira: wadya pang'ono, wapempha kuti amutsekere chitseko, tsopano wagona. Ndinabwerera pampando wanga mtima uli m'malo. Panali patapita miyezi asanagone tulo teniteni.

Ndege itatsala pang'ono kuyamba kutsika, mayi yemweyo anabwera n'kugwada pambali pa mzera wathu. Mwina ndi mmene amawaphunzitsira ntchito. Koma kwathu munthu akakugwadira asanayankhule, nkhani yake umaidziwiratu.

Anandidutsitsa pa katani ija. Tinadutsa mu bizinesi kalasi, ndipo ndinaiona mipando yogundizana ija. Pa iwiri ina panali bambo ndi mayi achikulire, bamboyo ali m'tulo, mkono wake utagwera mbali ya mkazi wake. Kutsogolo kwenikweni chitseko chinali chotsegula. Mkazi wanga anali atagona cham'mbali, bulangete mpaka m'khosi, chitenje chake atachipinda n'kutsamira, pilo wa m'ndege atamukankhira kumapazi. Dokotala wina amene anali paulendo womwewo anaima pambali, manja ali kumbuyo.

Ku India anandifotokozera kuti magazi anaundana n'kutseka njira ya m'mapapo. Anati zoterezi zimachitika mwachangu, ndipo ngakhale ndikanakhala pambali pake sindikanasintha kanthu. Ndimawakhulupirira. Chimene sanathe kundiuza n'chakuti kaya anadzuka, kaya anaitana. Bedilo linali labwino, zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Pobwerera iye anali pansi pa ndege, kumalo a katundu, ine kumbuyo komwe kuja.

Tinamuika kwawo, kupitirira Golomoti. A kwaya anzake a ku Mua anabwera atavala yunifomu. Mkulu wa mpingo poyankhula anati tisalire mopanda chiyembekezo, mlongo wathuyu wangotsogola. Mawu amenewa ndawamva pa maliro onse chibadwire changa, ndipo inenso ndawanenapo kwa anamfedwa. Tsiku limenelo ndinadzuka n'kukaima kuseri kwa nyumba mpaka mkuluyo atamaliza. Anthu anaganiza kuti ndi kutentha.

Sindinauzepo aliyense chifukwa chake. Pabwalo la ndege ku Joni, a fesiti kalasi ndi amene amayamba kuitanidwa. Munthu wa pabwalopo anabwera kudzakankha chikuku cha odwala chimene mkazi wanga anakhalapo, ine anandilozera mzera wina wautali. Ndinamukonza kolala ya juzi, n'kumuikira botolo la madzi pamiyendo. Ndinafuna kunena kanthu koma chikuku chinali chitayamba kale kuyenda. Chitafika pachipata anatembenuza mutu pang'onopang'ono, chifukwa cha msana uja, n'kukweza dzanja.

"Aphunzitsi, ine ndatsogola. Mundipeza."