Ndinawerenga Mpaka Firii

Ndikukumbukira chaka chimene vidiyo inafika pa sitolo ina ku Chiosya, mavoti oyamba a matipate atangotha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mwini wake ankakatenga matepi a resilingi ku Chipata, ndipo ife ana a matenanti tinkalowa ndi kambale ka mtedza. Zimphona zija zinkaponyerana pansi mpaka ine kutseka maso.

Amalume ndiwo anatichenjeretsa. "Zamasewera izi, ana inu," anatero akuseka. "Wogwayo amangonamizira. Katswiri ndi amene amadziwa kulira." Tinadziona anzeru kuposa esiteti yonse.

Tinamanga bwalo lathu m'chigafa chopanda fodya, luzi kuzunguliza mitengo inayi. Ine poti ndine mtsikana anandikaniza kumenya nawo, n'kundipatsa ulifali. Ndisaname, ndinkaukonda. Pakamwa ndinali napo, ndipo chigamulo changa panalibe wochitsutsa.

Tsiku lina mlongo wanga Yohane, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankalimbana ndi Mavuto, mnyamata wojintcha wa nyumba yoyandikana nafe. Mavuto anakwera pa mtanda wa chigafa n'kumudumphira. Panamveka kulira ngati nkhuni youma ikuthyoka. Yohane anakuwa, nkhope ili m'dothi lonunkha fodya.

"Achemwali, mwendo! Mwendo wanga!"

Tonse tinawomba m'manja. Ine ndinagwada pambali pake n'kumenya pansi mosafulumira, monga ndinkaonera pa tepi: wani, thuu, firii. Ndinamunong'oneza kuti, "Lero ndiye wakhoza, ngati zenizeni." Anandigwira diresi, ine n'kuchotsa dzanja lake kuti ndikweze la Mavuto.

Tinadzidzimuka titaona phazi litaloza kumbali. Makolo anali kumunda wakutali, njinga ya akapitawo inali itapita kuboma. Anzanga onse anathawa. Ndinakhala ndi Yohane mpaka dzuwa kupendeka, ndikumuingitsira ntchentche, ndikumuuza kuti apola, poti china choti n'kuchita panalibe. Kuchipatala cha mishoni anafika mawa lake, pangolo. Fupa linalumikizana mokhota.

Palibe anandimenya, ndipo mwina akanandimenya mtima ukanapepukako. Lero Yohane ndi telala, amapalasa makina ndi mwendo umodzi, ndipo nkhaniyi amaisimba akuseka. Ine sindiseka, imandiwawabe. Kuchenjera kwanga ndi kumene kunanditseka makutu, mwana akundiitana pafupi chonchi. Masiku ano munthu akati zikupweteka, ndimayamba ndakhulupirira. Ana anga anaitulukira kale mbali imeneyi. Amandinamiza kawirikawiri, ndipo ndimawalola.