Agogo, Thumba la Makala ndi Galu wa ku Chelstone

Anthu ena akakumbukira agogo awo amamva fungo la fodya kapena la sopo. Ine ndimamva fungo la thumba la makala, ndipo ndimalimva ndili m'kati mwake, pakuti ndimo mmene agogo anga aamuna anandiponya pamaso pa sukulu yonse, makolo akuwomba m'manja.

Ndifotokoze bwino, apolisi asavutike. Ndili ku pulayimale ku Chelstone, aphunzitsi athu, ba Mwila, anasandutsa buku lakale la ana kukhala sewero. Linali buku la Chingelezi lothothoka chikuto, lonena za kamtsikana kosauka, galu wake, ndi munthu wa khonsolo wogwira agalu m'nyengo ya chipale chofewa. Chipalecho ba Mwila anachipanga ponyenya zoyera zija zimene amakutira mafiriji, zotola kumsika wa ku Kamwala. Ine anandipatsa mbali ya galu. Ndiwo maphunziro okha amene ndinawatsata mpaka kumapeto. Ku koleji ndinangokalawako.

Vuto linali wogwira agalu. Anyamata tonse tinali ndi mawu a anapiye, choncho ba Mwila anabwera kunyumba kudzapempha kuti mbaliyo atenge agogo, amene anapuma pantchito ya njanji ali ndi mawu otha kuimitsa sitima. Koma mawuwo anali a munthu wofatsa, wopepesa nkhuku akaidutsa pafupi. M'mawa uliwonse ankasesa pabwalo, kukoleza mbaula mpaka utsi utalowa m'zovala zathu za sukulu zoyanikidwa pawaya, kenako n'kukhala pampando wachitsulo, mlongo wanga wamng'ono Tamara ali pamiyendo, akumuuzirira tiyi m'sosala kuti asapse kukamwa. Tamara ankawatcha "gogo wanga", ngati enafe tinkangowabwereka.

Tsiku la sewero, agogo anachita bwino mopitirira. Analowa ndi majombo a kunjanji, chikhoti chakuda ndi chipewa chofika m'maso, n'kubangula kuti, "Galu uyu ni wa boma manje!" Anandigwira pakhosi, kundiika m'thumba, kundiponya paphewa. Holo yonse inakuwa mokondwa. Koma pakati pa phokosolo ndinamva kulira kumodzi kumene sikunali m'buku.

Kunyumba Tamara anabisala kumbuyo kwa amayi.

"Uja ni munthu woipa. Anaika Masauso mu saka."

"Iwe, nili pano," ndinatero, ndikudziloza pachifuwa.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wathawa chabe."

Akuluakulu anaseka, amvekere zitha mawa. Sizinathe. Agogo akalowa pakhomo, iye ankatulukira kukhitchini. Anamugulira chingamu, anachikankha ndi phazi. M'mawa agogo ankathirabe tiyi m'sosala, n'kumauzira okha, maso ali kukhomo, mpaka tiyi atazizira n'kugweramo phulusa. Anasiya kuimba mluzu posesa. Ine, ngakhale ndinali galu, ndinaona kuti munthuyu akuchepa.

Sewero lathu linasankhidwa kukapikisana ndi masukulu ena ku holo ina ku Woodlands. Agogo anavala jekete n'kupita kwa aphunzitsi, ine ndikutsatira.

"Ba ticha, uyu munthu wa agalu sangapepeseko kumapeto?"

"Awe, ba shikulu," anatero ba Mwila mwaulemu wa Chibemba. "Buku ni buku. Majaji aja aiziba kuchila Baibo. Mukasintha, taluza."

Agogo anagwedeza mutu ngati amva. Pobwerera anangouza amayi kuti, "Mubwele naye mwana. Akhale kutsogolo."

Ku Woodlands ndinalowanso m'thumba monga mwa malamulo a ntchito yanga. Ndinamva phewa la agogo pamimba panga ndi majombo akugunda matabwa. Anayenera kutuluka nane kumanzere. M'malo mwake anaima, n'kunditsitsa pansi pang'onopang'ono ngati mazira. Anatsokomola, ndipo mawu amene anatuluka sanali a sitima aja, anali a pa mbaula m'mawa.

"Ine nakalamba. Iyi nchito siniifunanso."

Anamasula chingwe. Ndinatulutsa mutu, wakuda bii, ndipo iwo anapisa m'chikhoti n'kundipatsa chitumbuwa. Pokhala katswiri, ndinachidya osagwiritsa manja. Mutinta, amene ankasewera kamtsikana kosauka, anali atakonzekera kale kulira, ndiye anangolira basi kuti misozi isawonongeke. Kuseri kwa nsalu ba Mwila ankanong'oneza mokuwa: "Ba shikulu! Peji sikamba so!"

Agogo anapita m'mphepete mwa nsanja, anavula chipewa, n'kugwada. Maondo awo analira mpaka mzere wachitatu unamva.

"Tamara, ona. Namumasula. Unikhululukile, mama."

Tamara anatulutsa diso limodzi m'chitenje cha amayi.

"Simuzachitanso?"

"Sinizachitanso."

"Na agalu ena?"

"Onse nawamasula. Apita kwao."

Anaganiza kwa nthawi, monga woweruza amene safuna kunamizidwa kawiri. Kenako anatsika, anayenda yekha kudutsa patebulo la majaji, n'kukweza manja. Agogo anamunyamula, iye n'kubisa nkhope m'khosi mwawo. Mnyamata amene anali pamakwerero ndi ndowa ya chipale sanadziwenso pothira, ndiye anangokhuthula yonse pamutu pawo.

Tinakhala omaliza. Majaji anati sitinalemekeze wolemba. Ba Mwila anatha temu yonse osatipatsa moni, ngakhale kuti patapita zaka, pamaliro a agogo, ndiwo anaimirira n'kunena kuti sanaonepo wosewera wosamvera ngati ameneyu.

Chaka chatha buku lija linaonetsedwa pa TV ngati filimu, ya chipale chenicheni ndi galu weniweni, amene, kunena mosakondera, sanandipose. Tinaonera kwa Tamara ku Kabwata, ana ake ali pamphasa. Wogwira agalu atanyamula thumba n'kutuluka nalo osacheuka, Tamara anatenga limoti n'kuzimitsa.

"Aphonya," anauza anawo. "Sizinathe so. Uja munthu anamasula galu, anapepesa. Funsani amalume anu, analipo."

Anawo anatembenukira kwa ine. Bukulo ndinaliwerenga, ndipo ndikudziwa zimene tsamba lomaliza limanena. Ndinakonza kolala, ndinaika dzanja pachifuwa, n'kuchitira umboni kuti amayi awo akunena zoona.