Tithovu ta a Sakala

A Gabriel Sakala a ku Sinda ndinawadziwa akumata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Nditamva kuti tsopano ndi makanika wa magalimoto a dizilo, ndinaseka mpaka kutsokomola.

Chaka chatha kagalimoto kanga kanayamba kukana kulira m'mawa, ndipo kakalira kankazima pachitunda chilichonse. Anyamata a pagalaja ina ku Katete anati pampu ya dizilo yafa. Kuti ndigule ina ndinayenera kugulitsa ng'ombe zanga ziwiri zolimira, mvula ili pafupi. Akazi anga ndiwo anandikankhira kwa a Sakala.

"Iyi si njinga, a Sakala," ndinawaputa nditafika. "Beseni lija lili kuti?"

"Khalani pansi, achikulire, mungazime ngati galimoto yanu."

Pampuyo sanaimasule n'komwe. Anachotsa paipi yochokera ku fyuluta yosefera dizilo kupita ku pampu, n'kuikapo ina yoonekera m'kati. Injini italira, ndinaona ndi maso angawa tithovu tikuyenda mondondozana m'dizilo.

"Chubu chimatulutsa mpweya, koma iyi ikuumeza," anatero. "Dizilo sakudontha, n'chifukwa chake anyamata aja sanaone kanthu."

Anayamba kupaka girisi molumikizira mapaipi, malo amodziamodzi, maso ali pa tithovu. Atapaka pamalo achinayi, tithovu tija tinatheratu psiti! Vuto linali kawashala kong'aluka, kamkombero kotseka polumikizirapo, kochepa ngati chikhadabo. Atakasintha, galimoto sinazimenso.

Ine wolongolola uja ndinangovula chipewa. Ng'ombe zija zalima maekala atatu, ndipo imodzi ndaitcha Sakala. Eni dzina sanamvebe.