Duwa la M'chikhatho

Senderani kuno, ana inu, mafoniwo ikani pansi. Kachitini aka mumakaona m'sutikesi mwangamu kanali ka hina, uja atsikana amajambulira maluwa m'manja pa Idi. Kanachokera ku Dubai, zaka zija ndinkalera mdzukulu wanga ku Al Mankhool, bambo ake akuyendetsa galimoto ya bwana.

Mwanayo anabadwa wamwamuna, koma chiyambire kulankhula ankati, "Agogo, ine ndine mtsikana." Lachisanu lililonse ana a Amalawi ankasonkhana m'nyumba ina yosanja: anyamata kuchipinda chawo, atsikana kwa Mwalimu, mayi a ku Mangochi otsuka mbale kuhotela, amene ankawaphunzitsa nyimbo za Idi. Wanga ankakhala pakhomo pa atsikana, atafunda mpango wanga, akuimba nawo ali pomwepo. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mkatimo makina oziziritsa akulira, lubani akununkhira.

Tsiku lopaka hina, mayi wina anati, "Yalla, achoke uyu! Aneba akamva, bambo ake ntchito iwathera, abwerera kumudzi." Sankanama ayi. Inenso ndinamugwira mkono kuti tizipita. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Mwalimu anangofunsa atsikanawo, "Mawu okwera aja amatinyamulira ndani?" Onse analoza mdzukulu wanga.

"Khalas, nkhani yatha. Bwera kuno, mwanangu."

Anzake anawajambula kunja kwa manja, poonekera. Iye anamutembenuza dzanja, namujambula duwa m'chikhatho mokha. "Pamsewu uzifumbata. Muno uzitambasula."

Masabata awiri mwanayo ankayenda m'basi ndi kusitolo atafumbata ngati wanyamula dzira. Koma pakudya sufumbata. Bambo ake analiona duwalo, analiyang'anitsitsa. Kenako anamuwonjezera nthuli ya nyama.

Mayi wodandaula uja anabwerera ku Zomba, moni tinkapatsanabe. Bambo a mwanayo akadali pa chiwongolero. Mwalimu anatisiya, Mulungu awachitire chifundo. Kachitinika anandisiyira ine. Mdzukulu wanga wakula, amajambula akwatibwi hina kudziko lina, ndipo ndimamuitana dzina limene anasankha yekha.

Nthawi imeneyo iye ankayesa kuti Mwalimu amukondera pomupatsa duwa lakelake, lachinsinsi. Sanaone zimene ndinaona ine: dzanja la Mwalimu linkanjenjemera pojambula. Nkhaniyo ikanamveka, woyamba kukwezedwa ndege yobwerera kumudzi akanakhala iwowo.