Nthambo ya Makina Owotcherera

Ndine ndinawauza amuna anga kuti adule nthambo ija, ndipo sindikana.

Tinkakhala ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu momwe owotcherera zitsulo amayalamo mageti ndi mafelemu a zitseko. Amuna anga anali mmodzi wa iwo. Koma chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo ngakhale akanayaka, ndani akanagula geti ufa ukukwera mtengo sabata ndi sabata? Ankangokhala pa benchi n'kumaingitsa ntchentche. Ine ndinkagulitsa tomato, ndipo ndinali nditatopa kusenza nyumba yonse ndekha.

Kuseri kwa nyumba kunali galimoto yakale imene alamu anga anatisiyira. Injini inali bwinobwino, batire linalipo, koma nthambo zake zinali zitadyeka ndi asidi, zobiriwira, zofumbutuka ukangozikhudza. Azimayi anzanga a kumsika ankasowa wowanyamulira katundu kuchokera m'tauni, choncho ndinaona kuti chakudya chathu chili pa galimotoyo. Amuna anga anapita kukafunsa nthambo zatsopano. Anabwera chimanjamanja, mtengo wake osafuna n'kuutchula komwe.

Ndinawalozera makina awo owotcherera, amene anali ndi nthambo yonenepa, yakopa weniweni.

"Dulani iyi. Ingonkhala chabe apa."

Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Nikadula, malaiti yakabwela nizasebenza na chani?"

Ndinawayankha mwaukali kuti ana sangadikire magetsi. Ndinanenanso zina zimene sindifuna kuzilemba.

M'mawa mwake anayeza ndi ulusi kuchokera pa batire kukafika pa sitata, n'kuyezanso kawiri, ngati kuti mtundawo ufupika. Sunafupike. Anatenga sowo n'kudula zidutswa ziwiri, popeza batire limafuna nthambo ziwiri. Kumapeto kwa nthambo anavekako tizidutswa ta paipi yakopa ya mu firiji yakufa, n'kutiphwatalitsa ndi hamala, n'kuboola ndi msomali polowa bawuti. Pamwamba anakulunga malegeni, mphira za chubu chakale. Popeza nthambo zonse ziwiri zinali zakuda, anandipempha kansalu kofiira komangira imodzi kuti asazisokoneze, ndipo ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje changa. Ntchitoyo anaigwira mwaluso moti ndinachita manyazi kuima pomwepo.

Atapotokola kiyi, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma ndinangomva kutopa. Iwo sanamwetulire. Anatola kachidutswa kotsala pa makina, kosakwana mkono, n'kukalowetsa pansi pa bedi pamodzi ndi makinawo.

Kuyambira pamenepo ankanyamula tomato, kabichi ndi azimayi olongolola, ine ndili momwemo. Tinkadya, zimenezo n'zoona. Koma tikamadutsa pa anzawo owotcherera ankayang'ana kutsogolo kokha, ngakhale awaimike ndi dzanja.

Patapita miyezi magetsi anayamba kukhalitsa masana. Loweruka lina kunabwera bambo wina atasenza felemu ya zenera yothyoka, akuti anamulozera kwathu kuti kuli mmisiri wodziwa ntchito. Amuna anga anali atawerama pa injini, ine ndikuchapa pakhomo. Ndinaganiza kuti mwina apita kukapempha nthambo kwa anzawo. Sanaweramuke n'komwe.

"Bamene benze kuocha nsimbi pano banachokapo," anatero. "Yesani kutsogolo uko."

Bamboyo anapepesa n'kupitirira ndi felemu yake. Ine ndinapitiriza kuchapa malaya amene ndinali nditawachapa kale.