Khutu la Kumanzere la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali, amaika mawailesi m'magalimoto, ndipo pamsewu wathu aliyense amawatchula kuti a Khutu. Dzinali anadzipatsa okha. Munthu akabweretsa masipika atsopano ndi ampu yokwezera mawu, iwo amalumikiza mawaya, kenako n'kuthamangitsa aliyense m'galimotomo. Amakhala pakati penipeni pa mpando wakumbuyo, n'kutsinzina ngati akupemphera, dzanja atalitambasulira pa kabatani kogawa mawu kumanja ndi kumanzere. Kamakina koyezera mawu safuna n'kukaona komwe. Amati n'ka anthu obadwa opanda makutu.

Matama ali nawo, koma ntchito ankaidziwa. Zaka makumi awiri palibe anadandaulapo. Chaka chatha ndi pamene magalimoto anayamba kubwerera.

Abusa ena anabwera kachitatu, ine ndili pomwepo pagalaja.

"A Khutu, kumanzere kukubangula, kumanja kukunong'ona," anatero abusawo. "Mayi busa akumatsika mutu ukuwawa. Zikakanika lero ndipita kwina, ndipo akhristu anga onse ndiwauza."

Theka la makasitomala a alamu limapemphera kwa abusa amenewa. Alamu ananamizira mawaya, nawasintha. Ananamizira sipika, chitseko, mpaka nyimbo za kwaya. Kenako analowa, natsinzina, n'kupotokola kabatani kaja kupita kumanzere mpaka galasi la chitseko linayamba kunjenjemera.

"Apa ndiye zalingana," anatero, akuzimitsa wailesi.

Ine manyazi anandigwira m'malo mwawo.

Nthawi yomweyo achemwali anatulukira ndi kapu ya tiyi. Anaima pawindo la kumanzere n'kunena chapansipansi, "Bambo a ana, mutu wanuwu ngati chidebe." Alamu osaphethira n'komwe. Achemwali anazungulira kumanja, nanena chapansipansi momwemo, "Tiyi."

"Ikani apo," alamu anayankha.

"Mwaona, abusa?" anatero achemwali. "Masipika anu alibe mlandu. Khutu la kumanzereli linafa, ndiye akumawonjezera mawu mbali imene sakumvayo. Ine chaka chonse ndakhala ndikuwatukwanira mbali imeneyi, ndipo banja lathu silinakomepo chonchi."

Abusa anaseka mpaka kutsamira boneti. Alamu sanaseke. Anatseka khutu la kumanja ndi chala, n'kuliza zala pafupi ndi linalo, kawiri, katatu. Kenako anangoti zyoli. Ndimakonda kuwaseka alamu anga, koma tsiku limenelo ndinawamvera chisoni kwambiri. Munthuyu chuma chake chonse chinali makutu.

"Sunthani," anatero achemwali, akutsekula chitseko. "Inu muzipotokola, ine ndizimvera."

Anakhala pakati paja, natsinzina monga amachitira amuna awo. "Kumanja. Kumanjabe. Mwapitirira, bwezani pang'ono. Basi!" Abusa atalowa anagwedeza mutu, nanyamuka kwaya ikuimba mbali zonse mofanana.

Mpaka lero ntchito imayenda choncho. Chikwangwani chidakali cha a Khutu, ndipo makasitomala amauzidwa kuti mayiwo amangolowamo kuti mpando ulemere.

Koma abusa atangochoka tsiku lija, ndinawamva alamu akufunsa, tiyi atazizira m'manja.

"Mayi a ana, ndiye mbali imeneyi mumangonditukwana basi?"

"Ayi," anatero achemwali, akutenga kapu ija. "Zina zinali zabwino. Zinakupitani."

Kuyambira pamenepo, kaya ndi pamsewu kaya patebulo, alamu salola kuti achemwali akhale kumanzere kwawo.