Tcheyamani Watseka Msonkhano, Komiti Yakavotera mu Vani

Loweruka lapitali ndinaona boma likugwedezeka mu holo ina ku Etobicoke. Boma lake ndi bungwe lathu lija la Amalawi okhala kuno kunja.

Nkhani inali ya chikondwerero cha mu Julaye. Malamulo athu amati malo imasankha ndi komiti, tcheyamani ntchito yake n'kutsegula ndi kutseka msonkhano. Koma a Mbewe, tcheyamani wathu, anangoimirira n'kulengeza kuti chaka chino tikachitira ku Oakville, kufupi ndi kwawo. Akuti kapinga wa kumeneko ngwokongola.

Mayi Asiyatu, aja amagwira ntchito yosamalira okalamba, anakweza dzanja. “Bambo tcheyamani, ife oyendera basi tikafikako bwanji? Kapingayo tikadya? Tivote.”

A Mbewe anaponya maso uku ndi uku, anaona kuti aluza. “Mwa mphamvu zanga, msonkhano ndautseka.” Magetsi thimu, kiyi m'thumba.

Komiti sinabalalike. Inakathithikana mu vani ya Che Yusufu, thukuta lili kamukamu, n'kuvotera Etobicoke.

Tsono taonani. Zokuzira mawu zili m'galaja mwa a Mbewe. Koma mbuzi amazinga ndi Che Yusufu, kuti Msilamu ndi Mkhristu adyere pamodzi, ndipo akuti mpeni wawo umamvera komiti.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma wailesi ndimamva. Tsidya la malire, ku America uko, bwanamkubwa wa chigawo china akukokana ndi nyumba ya malamulo. Iye akuti anandisankha ndi anthu. Aphungu akuti nanga ife tinagwa kumwamba? Kwathu nako, ndani sakuzidziwa?

Amene anagawa mphamvu sanali wopusa. Wina agwire kiyi, wina mpeni, pasapezeke wodya yekha. Chimene anaiwala n'chakuti awiriwa akakangana, wosowa kolowera ndi ine, nkhalamba ya ku Oshawa imene imadikira chaka chathunthu kuti ikaseke m'Chichewa ndi anzake.

Dzulo a Mbewe anandiimbira. “Madala, ndinu wamkulu, tiweruzeni.” Taonani, ndasanduka khoti lalikulu! Ndinawauza kuti tinawapatsa mphamvu yotseka msonkhano, osati pakamwa pa anthu. Anati akaganiza kaye.

Ganizani msanga, bwana. Ku Oakville kukakhala maikolofoni, ku Etobicoke kukakhala mbuzi. Inuyo mukanakhala ine, mukanatsika pati?